Andipatsa rezisita ya 220 ya LED ya mu Corolla, ndilumikize?

Chisomo:
Mwaswera bwanji nonse. Akuluakulu odziwa zamagetsi a galimoto ndithandizeni ndisanagwire waya. Ndili ndi Corolla imene ndimayendetsa ngati taxi. Sensa yoyatsa fani ya radiyeta inafa, ndiye pakadali pano fani ikuyaka ndi swichi ya pamanja mpaka nditapeza ina. Vuto n'lakuti mukaima pamzere wa magalimoto pa Great East Road ku Lusaka madzulo, phokoso mbali zonse, simungamve ngati fani ikuzungulira kapena ayi. Ndikufuna kanyali kofiira pa dashibodi kondiuza kuti fani yayaka. Lero ndagula ma LED ofiira a 5mm, aja a miyendo iwiri, ku Town Centre. Wogulitsa wandipatsanso marezisita, akuti ndi a 220 ohm, mizere yake yofiira, yofiira, yabulauni. Akuti amagwira paliponse. Ndilumikize?

A Tembo:
Usalumikize mwana wanga. 220 imeneyo ndi ya zinthu za 5V, za USB ndi timabodi ta Arduino tophunzirira ana asukulu. Pa galimoto LED yako iwala mochititsa kaso kanthawi kochepa, kenako ida n'kuzima, rezisitanso ipsa. Kafune ya 1k, kutanthauza 1000 ohm. Mizere yake yabulauni, yakuda, yofiira.

Chisomo:
Zikomo amdala. Koma chifukwa chiyani 1k? Sindikutsutsa ayi. Ndikufuna ndimvetse kuti mawa ndikagula LED ya mtundu wina ndizidziwerengera ndekha.

Mai Sakala:
Wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Mnzathu Mabvuto ali pa intaneti? Iye ndiye amakonda masamu awa.

Mabvuto:
Ndilipo amai. Achimwene a Chisomo, nkhani yake ili chonchi. LED si babu la filamenti lomwe limadziletsa lokha. Voteji ikangopyola pang'ono pomwe LED imayambira kuwala, karenti imakwera msangamsanga ndipo palibe choiletsa. Ili ngati nkhuku ya buloila, ukapanda kuiyezera chakudya imangodya mpaka kudzipweteka. Rezisita ndiye woyezera.

Muyenera kudziwa zinthu zitatu. Voteji ya batire. Voteji yomwe LED imatenga, yofiira imatenga pafupifupi 2V, yoyera ndi yabuluu pakati pa 3V ndi 3.4V. Ndiye karenti yomwe mukufuna idutse, ma LED a 5mm ambiri malire awo ndi 20mA, kutanthauza 0.02A.

Lamulo la Ohm, lomwe Georg Ohm analisindikiza mu 1827, limati rezisita ndi voteji kugawa ndi karenti. Ndiye 12 kuchotsa 2 patsala 10. 10 kugawa ndi 0.02 ndi 500 ohm. M'mashopu 500 sipezekapezeka, yoyandikira ndi 470. Gulani 470, mizere yachikasu, yapepo, yabulauni.

A Tembo:
Masamu ako ndi abwino Mabvuto, koma wayambira pa nambala yolakwika. 12 ija ndi yolembedwa pa chikwama cha batire. Galimoto siyenda pa 12V. Batire lodzaza bwino, injini itazima, limaonetsa 12.6. Ukaliza injini alitaneta imatchaja pakati pa 13.8 ndi 14.4. Nanga fani ya Chisomo imayaka nthawi yanji? Injini ikulira. Ndiye werenganso ndi 14.4 utiuze.

Mabvuto:
14.4 kuchotsa 2 ndi 12.4. Kugawa ndi 0.02 zikupereka 620 ohm. Ndipo 470 ija pa 14.4 ikudutsitsa 26mA, yapyola malire. 220 yomwe agulayo ikudutsitsa 56mA, pafupifupi katatu malire a LED.

A Tembo:
Ndi zimenezo. Ndipo nambala ikagwa pakati, umakwera, sutsika. 620 ikasowa tenga 680, osati 560.

Chisomo:
Ndili ndi mita ya mnzanga pano. Ndapima pa mateminolo a batire. Injini itazima 12.5. Nditaliza yafika 14.2, nditaponda mafuta pang'ono 14.3.

A Tembo:
Alitaneta yako ili bwino. Waona wekha tsopano.

Mwansa:
Ba Tembo, nanga ngati masamu akuti 680, inu mukunena 1k chifukwa chiyani? Si ndiye kuti nyali izioneka yofooka?

Mai Sakala:
Ndiyankheko ine, chifukwa pali china chomwe sichinatchulidwe, ndipo ndi chomwe ndimakumana nacho kwambiri pa benchi langa ku Kabwata anthu akabweretsa zinthu zopsa. Rezisita ili ndi nambala ziwiri. Ma ohm ndi imodzi, ina ndi ma watt, kutanthauza kutentha komwe ingapirire. Voteji yonse yomwe LED sinatenge imathera pa rezisita n'kusanduka kutentha. Mumachulukitsa voteji ya pa rezisita ndi karenti.

Ya 680 pa 14.4V imadutsitsa 18mA. 12.4 kuchulukitsa ndi 0.018 ndi pafupifupi 0.23W. Timarezisita tating'ono tomwe amagulitsa kwambiri m'tauni tija, tofanana ndi kambewu ka mpunga kukula kwake, ndi ta 0.25W. Ndiye 680 ya 0.25W ikugwira ntchito pamalire penipeni tsiku lonse. Mukaigwira ndi chala imawotcha. 470 ikutulutsa 0.33W, yapyola kale. 220 ikutulutsa 0.7W, imeneyo utoto wake umada mpaka mizere osaonekanso.

Tsono 0.25W ija opanga amailonjeza mpweya wozungulira ukakhala wosapyola madigiri 70. Ganizirani Corolla itaima padzuwa pa Kulima Tower mwezi wa Okutobala, magalasi otseka, kuseri kwa dashibodi kukutentha bwanji. Mu boneti ndiye osanena.

Ya 1k imadutsitsa 12mA ndipo imatulutsa 0.15W. Ili ndi mpata wopumira. Ine lamulo langa ndi loti rezisita izitha kupirira kawiri kutentha komwe masamu akuonetsa, ndiye ngakhale pa 1k ndimasankha ya 0.5W. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa kwambiri.

Mwansa:
Zamveka ba Sakala. Koma funso la kuwala lija?

A Tembo:
Diso silisiyanitsa kwenikweni 18mA ndi 12mA. Komanso ma LED a masiku ano, makamaka aja oonekera ngati galasi, amawala kwambiri. Usiku pamsewu wopanda magetsi, monga ukangodutsa Chongwe, kanyali kofiira ka 20mA pamaso pako kamathobwa m'maso. Anthu ambiri omwe ndawaikira amabwerera kudzapempha kuti ndikachepetse, osati kuwonjezera. Ena ndimawaikira 2.2k, yofiira yofiira yofiira, ndipo amakhutira.

Mabvuto:
Ine ndikuonabe kuti 20mA ndi yomwe opanga analemba, ndiye palibe cholakwika kuigwiritsa ntchito.

Mai Sakala:
Analemba ngati malire, Mabvuto, osati ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku. LED yoyendetsedwa pamalire pamalo otentha imakalamba msanga, kuwala kumachepa pang'onopang'ono. Ya pa 10mA ikhoza kukhalitsa kuposa galimotoyo.

Chisomo:
Ndiye 1k ya 0.5W. Ndiike pa mwendo uti? Wina anandiuza kuti iyenera kukhala pa pozitivu kuti ichepetse moto usanafike pa LED.

Mabvuto:
Pa masamu zilibe kanthu. Njira ndi imodzi, karenti yodutsa pa rezisita ndi yomweyo yodutsa pa LED, kaya rezisita ili patsogolo kaya pambuyo. Chofunika ndi kusatembenuza LED. Mwendo wautali ku pozitivu. Ngati miyendo yadulidwa kale, yang'anani m'mphepete mwa kamutu kake, mbali yophwathalala ndiyo ya negativu.

A Tembo:
Pa pepala zilibe kanthu, zoona. Pa galimoto zili ndi kanthu, ndipo apa Chisomo umvetsere bwino.

Choyamba, utenga kuti moto wa nyaliyo? Ukatenga pa swichi ya pa dashibodi, nyali izikuuza kuti wadina swichi, basi. Fyuzi ya fani ikapsa, kapena rile, kaswichi kamagetsi kopereka moto ku fani kaja, ikafa, nyali iziyakabe iwe n'kumakhulupirira kuti fani ikuzungulira pomwe injini ikuwira. Imeneyo ndi nyali yonama, bola kukhala opanda. Tenga pa waya wotuluka mu rile kupita ku fani. Pamenepo ikayaka ndiye kuti moto wafikadi ku fani.

Chachiwiri, waya umenewo umatetezedwa ndi fyuzi yaikulu, ya 30A kapena kuposa. Iwe ukokapo kawaya kopyapyala kudutsa pa bowo la chitsulo cha pakati pa injini ndi mkati. Tsiku lina kawayako kadzasupuka pa chitsulo n'kugunda bodi ya galimoto. Fyuzi ya 30A siidzapsa msanga, chodzapsa ndi kawayako, ndipo kali pansi pa dashibodi pomwe pali mapulasitiki ndi kapeti. Batire la galimoto limatha kutulutsa ma amp mazanamazana, ndi lomwe limazungulitsa sitata. Sililekerera.

Ndiye ika rezisita kumayambiriro, pomwe walumikizira ku waya wa fani, osati kumapeto pafupi ndi LED. Ukatero waya wonse wautaliwo uli kuseri kwa 1k. Ngakhale utagunda bodi, chodutsa ndi 14mA yokha. Nyali izima, koma palibe utsi.

Mai Sakala:
Amenewa ndi malangizo a munthu amene waona magalimoto akupsa. Ndingowonjeza kuti poti rezisita ikhala mu boneti, 0.5W isachepe, ndipo muiveke heat shrink, kachubu kapulasitiki kofota mukakatenthetsa, mpaka kuphimba miyendo yonse. Tepi yakuda ija imasungunuka ndi kutentha n'kumasuka. Muimangirirenso ku mtolo wa mawaya, isalendewere, chifukwa miyendo ya rezisita imathyoka ndi kugwedezeka kwa misewu yathu ya m'makomboni.

Mwansa:
Ine ndikanaika fyuzi ya 1A basi, rezisita n'kukhala mkati kozizira.

A Tembo:
Zimenezonso n'zabwino, bola fyuzi ikhale pafupi ndi potengera moto. Chomwe ndikukana ndi waya wopyapyala wopanda chilichonse choutchinjiriza. Ndipo anthu asamati poti ndaika rezisita pa LED ndiye ndatetezeka. Rezisita ya kumapeto imateteza LED yokha, waya ayi.

Chisomo:
Rile ilipo amdala, amene anaika swichi anasiya ya kale ija, swichi ikungoyatsa koyilo yake.

A Tembo:
Anachita bwino. Koma sensa ija uigule ndithu. Nyali imathandiza munthu amene akuyang'ana. Tsiku lomwe ukukangana ndi pasinjala za chenji pa Manda Hill sudzayang'ana, ndipo gasiketi ya pa hedi ndi yodula kuposa sensa.

Mai Sakala:
Pali kanthu kena popeza mukulumikiza pa mota. Mota ya fani ndi koyilo. Moto ukadulidwa mwadzidzidzi, koyilo imabweza kavoteji kakakulu kobwerera m'mbuyo, kwa kanthawi kochepa zedi. LED yambiri imapirira 5V yokha chobwerera. Siifa tsiku loyamba, koma fani imayaka n'kuzima kangati pa tsiku? Gulani dayodi ya 1N4007, kachida kodutsitsa moto mbali imodzi yokha, imapezeka paliponse pogulitsa zida za mawailesi. Muilumikize mopingasa pa miyendo iwiri ya LED, motembenuza. Mzere woyera wa dayodi ukhale ku mwendo wa pozitivu wa LED. Moto ukamayenda bwino dayodi imangokhala chete. Ukabwerera, imaudutsitsa yokha ndipo LED imangoona 0.7V.

Mabvuto:
Ife tinaphunzira kuiika pamzere umodzi ndi rezisita, kuti itseke njira yobwerera. 1N4007 imapirira mpaka 1000V chobwerera.

Mai Sakala:
Njira zonse ziwiri zimagwira. Ya pamzere imadya 0.7V, pa 1k ndiye karenti itsika kufika pa 11.7mA, palibe angazindikire. Ine ndimakonda yopingasa chifukwa imamangiratu voteji ya pa LED penipeni. Komanso Chisomo usadabwe ukazimitsa fani n'kuona nyali ikuzilala pang'onopang'ono m'malo mozima nthawi imodzi. Mapiko akamazungulirabe mota imasanduka jenereta. Si vuto.

Daka:
Pepani kulowerera. Ndili pa mzere ku Chirundu, ndakhala ndikuwerenga. Ine yanga ndi thiraki, mabatire awiri, 24V. Ndikufuna kanyali kotere kondionetsa kuti magetsi ogwirira ntchito a kumbuyo kwa kabini ndawasiya oyaka. Ndingoika 1k yomweyo?

A Tembo:
Ayi a Daka. Yanu injini ikulira imafika 28 kapena kupyola pang'ono. Mabvuto, werengera ndi 28.8.

Mabvuto:
28.8 kuchotsa 2 ndi 26.8. Pa 1k zikupereka 27mA ndi kutentha kwa 0.72W, ndiye yachepa mbali zonse ziwiri. Pa 1.5k ndi 18mA ndi 0.48W. Pa 2.2k ndi 12mA ndi 0.33W. Potsatira zomwe amai Sakala anena, 2.2k ya 1W.

Daka:
Ya 1W ikasowa? Kuno kumalire mashopu a zotere kulibe.

Mai Sakala:
Lumikizani ma 1k awiri a 0.5W motsatizana, wina kumapeto kwa mnzake. Zikhala 2k, karenti 13mA, ndipo aliyense anyamula 0.18W yokha. Amagawana kutentha. Ndimachita zimenezi kawirikawiri.

A Tembo:
Ndipo ena amene mukuwerenga, musamati mabatire awiri ndiye 24V. Pali magalimoto a dizilo okhala ndi mabatire awiri olumikizidwa pozitivu ku pozitivu, amenewo ndi 12V. Pimani ndi mita musanagule chilichonse.

Zulu:
Amdala, ine ndili ndi Hiace ya Chawama kupita m'tauni. Ndikufuna kuika ma LED oyera asanu ndi limodzi padenga mkati kuti kondakitala aziona ndalama m'mawa kusanache. Ndalumikiza miyendo yaitali yonse pamodzi, yaifupi yonse pamodzi. Rezisita imodzi yokwanira onsewo ndi iti?

Mai Sakala:
Masulani achimwene. Ma LED awiri, ngakhale a m'paketi imodzi, satenga voteji yofanana ndendende. Mukawamanga pamodzi kuseri kwa rezisita imodzi, yomwe imayamba kuwala pa voteji yotsikirapo imatenga karenti yambiri. Ikatentha voteji yake imatsikanso, ndiye imatenga yochulukirapo. Ikafa, karenti yake imagawidwa kwa asanu otsalawo, n'kufa ina. Ndi chifukwa chake matochi otchipa aja amayamba kuthima diso limodzilimodzi.

Chitani mizere iwiri. Mzere uliwonse ma LED atatu otsatizana, mwendo waufupi wa woyamba ku mwendo wautali wa wachiwiri, choncho mpaka wachitatu, ndipo mzere uliwonse rezisita yakeyake.

Mabvuto:
Atatu oyera pa 3.2V aliyense ndi 9.6V. 14.4 kuchotsa 9.6 patsala 4.8. Kugawa ndi 0.02 ndi 240, ndiye 270 ohm, yofiira, yapepo, yabulauni. Karenti 18mA, kutentha osafika ngakhale 0.1W. Apa ya 0.25W ikwanira bwinobwino. Ubwino wake moto wambiri ukupita ku kuwala, osati ku kutenthetsa rezisita.

Zulu:
Nanga nditaika anayi pamzere? Si ndiye rezisita siifunikanso, poti 12.8 ndi pafupifupi batire lenilenilo?

A Tembo:
Apo ndiye pamagwera ambiri. Injini itazima pa siteshoni, batire lili pa 12.4, anayiwo azingonyezimira mofooka. Ukaliza n'kufika 14.4 palibe chowaletsa, apsa. Rezisita imafuna itsalirepo ma volt angapo kuti igwire ntchito yake. Ngakhale atatuwo uona kusintha. Pa 12.6 ndi 270 ija karenti imatsika kufika 11mA, ndiye ukazimitsa injini kuwala kumachepako. Si vuto, ndi mmene zimakhalira.

Zulu:
Ndiye bola ndingogula malamba a LED aja olembedwa 12V?

Mai Sakala:
Yang'anitsitsani lamba lotero. Pakapita ma LED atatu pali kamzere kodulira ndi karezisita kakuda kolembedwa manambala. Ndi zomwezi Mabvuto wawerengazi, kungoti opanga anawerengera 12V yeniyeni ya adaputa ya m'nyumba. Pa 12V rezisita imatsalira ndi ma volt awiri ndi pang'ono, pa 14.4 imatsalira ndi pafupifupi asanu. Karenti imakwera kwambiri, lamba limatentha, guluu wa kumbuyo amamatuka, mwezi ndi mwezi zigawo zina zimayamba kuthima. Mwaonapo mabasi ali ndi lamba loyaka mwa apo ndi apo? Ndi zimenezo. Ngati mwasankha lamba, ikani kabodi kochepetsa voteji kuti kazipereka 12V, kapena madayodi a 1N4007 awiri kapena atatu motsatizana ngati lambalo ndi lalifupi losapyola 1A.

Njobvu:
Funso langa ndi losiyana pang'ono. Ndimagwira ntchito yoperekera katundu pa njinga yamoto, ndimakhala ku Kanyama. Ndikufuna kanyali kofiira koyaka usiku wonse kuti wakuba aziganiza kuti pali alamu. 1k ili bwino?

A Tembo:
Kwa iwe funso si kupsa, ndi kutha kwa batire. Batire la njinga ndi laling'ono, moto womwe limasunga ndi 5Ah mpaka 7Ah. Pa 1k injini itazima kanyali kamadya pafupifupi 10mA. Pa maola 24 ndi 0.25Ah. Usiku umodzi palibe vuto. Ukaisiya sabata wapita ku maliro ku Katete, wataya 1.8Ah, gawo lalikulu la batire lotere, ndipo ngati linali lotopa kale sitata siigwira. Ika 4.7k, yachikasu, yapepo, yofiira. Imadya 2mA yokha ndipo mumdima imaoneka bwino.

Mwansa:
Pali ma LED ena ophethira okha, ali ndi kachipu mkati. Amadya pang'ono poti nthawi ina amakhala ozima, ndipo amafanana kwambiri ndi alamu yeniyeni.

Mai Sakala:
Alipo, koma nawonso musangowalumikiza ku batire pokhapokha ngati analembedwa 12V. Aja ogulitsidwa ndi mawaya ofiira ndi akuda kale, olembedwa 12V, ali ndi rezisita yobisika mu heat shrink, mukapapasa mumaimva. Ophethira ena safuna rezisita yaikulu kwambiri, pa 4.7k amatha kusokonezeka. Yesani pa 1k kaye muone.

Njobvu:
Zikomo amai.

Phiri:
Moni nonse, ndafika mochedwa. Ine sizagalimoto kwenikweni. Chiyambire vuto la malaiti la 2024 lija, madzi atachepa ku Kariba, ndili ndi batire la galimoto m'nyumba ku Chilenje lomwe ndimatchaja ndi sola. Ndagula ma LED a 1W, aja omatidwa pa kachitsulo kooneka ngati nyenyezi, kuti ana aziwerengera. Rezisita yake ndi iti?

Mabvuto:
Amenewo amafuna 350mA pa pafupifupi 3.2V. Masana sola ikutchaja batire lanu limafikanso 14.4, ndiye masamu ndi omwewo. 11.2 kugawa ndi 0.35 ndi 32, kutanthauza 33 ohm. Koma kutentha kwake ndi 3.8W.

Mai Sakala:
Mwaona a Phiri? Nyali ya 1W, rezisita ikuwotcha pafupifupi 4W. Pa magawo asanu a moto wa batire lanu, anayi akungotenthetsa chipinda. Pa kanyali ka dashibodi kutaya kotere sitikuwerengera chifukwa ndi kochepa, koma inu batire ndi lomwe mukulisunga kuti lifike 22 koloko. Ikani atatu motsatizana. 9.6V, patsala 4.8, rezisita ya 15 ohm ipereka 320mA ndi kutentha kwa 1.5W, ndiye gulani ya 5W yoyera ya simenti ija. Koma usiku batire likatsika kufika 12.2 karenti igwa kufika pafupifupi theka. Chabwino koposa ndi kadiraiva ka LED kolembedwa 350mA kolandira 12V, kamasunga kuwala kofanana ndipo sikataya moto wambiri. Ndipo nyenyezizo muzimange pa chitsulo cha aluminiyamu, zokha zimatentha n'kufa ngakhale karenti ili yoyenera.

Mabvuto:
LM317, kachipu kowongolera voteji, imathanso. Mukaika rezisita pakati pa mwendo wa OUT ndi wa ADJ, karenti imakhala 1.25 kugawa ndi rezisitayo. 68 ohm imapereka 18mA kaya batire lili pa 12 kaya pa 14.4.

Mai Sakala:
Imasunga karenti, zoona, koma voteji yotsalayo imasandukabe kutentha, kungoti tsopano mu LM317. Kwa a Phiri sizipulumutsa batire. Ndipo imafuna ma volt pafupifupi atatu oti itsalire nawo, ndiye pa ma LED atatu oyera batire likatsika imalephera.

A Tembo:
A Phiri musaiwale fyuzi pa teminolo penipeni. M'nyumba muli makatani ndi ana.

Ndinenenso chinthu chimodzi kwa onse, chifukwa chimapha ma LED ndi zina zodula kuposa pamenepo. Chizolowezi chochotsa teminolo ya batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja, chisiyeni. Batire ndi lomwe limameza kukwera kwa voteji. Mukalichotsa alitaneta ikutchaja, voteji imadumpha kufika ma volt makumi angapo kwa kamphindi. Kale magalimoto analibe makompyuta, ankapirira. A masiku ano mupsereza bokosi la injini. Mita ya Chisomo yatiuza zonse popanda kumasula nati ngakhale imodzi.

Daka:
Zoona amdala, m'magalaja ambiri akuchitabe zimenezo.

Chisomo:
Ndapeza bodi ya wailesi yakale kunyumba, pali marezisita ambiri. Ndikuona ina yabulauni, yakuda, yofiira, kenako yagolide. Ndi yomweyo? Ndi yonenepako kuposa ma 220 aja.

Mai Sakala:
Ndi yomweyo. Golide akutanthauza kuti ikhoza kusiyana ndi 5 peresenti, ndiye pakati pa 950 ndi 1050, zilibe vuto. Ngati ndi yonenepa kuposa ma 220 ako mwina ndi ya 0.5W. Koma ichotse kaye pa bodi, kapena dzutsa mwendo umodzi, ndiye uipime pa ma ohm. Ukapima ili pa bodi mita imawerenga ndi zina zolumikizana nayo. Mizere ya marezisita akale imazilala, yofiira ndi ya olenji zimafanana, ndipo yabulauni yakuda ya olenji ndi 10k. Usagwire miyendo yonse iwiri ndi zala popima.

Chisomo:
Mita yaonetsa 0.99 nditaiika pa 2k.

Mai Sakala:
Ndi 990 ohm, ili bwino.

Mwansa:
Ba Sakala, akamaliza kulumikiza angadziwe bwanji kuti karenti ndi 12mA yeniyeni? Ayike mita pa mA?

Mai Sakala:
Palibe chifukwa chodulira waya. Mita ikhale pa 20V DC, injini ilire, fani iyake, ndiye mugunditse nsonga ziwiri za mita ku mbali ziwiri za rezisita. Pa 1k nambala ya ma volt yomwe muone ndi yomweyo ya ma mA. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti ndi 12.2mA. Pa rezisita ina iliyonse mugawe ma volt ndi ma ohm. Chisomo apime asanaveke heat shrink, ndipo manja ndi mawaya a mita akhale kutali ndi mapiko a fani ndi lamba wa injini. Mita ikakhala pa mA kapena pa 10A musaigunditse pa mateminolo a batire, pamenepo mkati mwake imakhala ngati waya chabe, fyuzi yake imapsa nthawi yomweyo, ndipo mamita otchipa ena pa 10A alibe fyuzi n'komwe.